Ntchito ya m'chisanu: mmene nyimbo ya anthu anayi imakonzedwera

Kuno ku Angónia, mvula ikatha, chimanga chikalowa m'nkhokwe, ndi pamene ndimatulutsa mapepala a nyimbo zimene ndinalemba miyezi yapitayo n'kuyamba kuzikonza. Anthu akamva kuti munthu amapeka nyimbo, amaganiza za tsiku limene nyimboyo inam'tulukira m'mutu. Tsiku limenelo lilipodi, koma ndi lalifupi. Chimene chimadya miyezi ndi kubwerera pa zimene unalemba kale, kufufuta, kusuntha, kufunsa oimba, n'kufufutanso.

Nyimbo zimene ndikunenazi ndi zimene m'Chipwitikizi amati música de câmara, zolizidwa ndi anthu ochepa: awiri, atatu, anayi, mwina mpaka asanu ndi atatu. Aliyense amakhala ndi choimbira chake ndi mzere wakewake, ndipo sipakhala woimbitsa woima kutsogolo. Gulu lodziwika kwambiri ndi la anthu anayi a zansambo, mavayolini awiri, viyola (yokulirapo pang'ono kuposa vayolini) ndi chelo (chachikulu, cholira pansi), limene Joseph Haydn wa ku Austria analikhazikitsa polilembera nyimbo zoposa 60. Inu amene munakulira m'kwaya mukudziwa kuti a sopulano akakhala khumi, mmodzi akasochera anzake amam'bisa, ndipo wopeka akalemba mzere wofooka, kuchuluka kwa mawu kumauphimba. Pa anthu anayi palibe pobisala. Noti iliyonse ili ndi mwini wake, ndipo ikakhala yopanda ntchito aliyense m'chipindamo amaimva kuti ndi yopanda ntchito. N'chifukwa chake nyimbo zamtunduwu zimafuna kukonzedwa kuposa zina zonse zimene ndikuzidziwa.

Chisanu chimathandiza m'njira zimene munthu wa mumzinda wa Tete, kumene kumatentha, mwina sangaziganizire. Mu Januwale mvula ikagunda pa malata, simungamve ngakhale mawu anu omwe, nanji noti ziwiri zoyandikana zimene mukufuna kudziwa ngati zikugwirizana. Mapepala amanyowa okha m'kabati, ndipo maganizo a aliyense amakhala kumunda. Mu Juni ndi Julayi denga lili zii, kunja kumada 6 koloko isanakwane, anthu amalowa m'nyumba msanga, ndipo usiku ndi wautali. Koma chachikulu ndi nthawi imene yadutsa. Nyimbo imene unailemba mu Novembala, pofika Juni waiiwala mokwanira moti umaiwerenga ngati ya munthu wina, ndipo ya munthu wina suimvera chisoni. Ku Ulaya chisanu chimagwa mu Disembala mpaka Febuluwale, koma kagawidwe ka ntchito kotereka kanaliko. Gustav Mahler, amene ankatsogolera nyumba ya opera ya ku Vienna kuyambira 1897 mpaka 1907, ankapeka m'chilimwe ali m'kanyumba kapadera kumudzi, ndipo m'miyezi yozizira ankakonza ndi kulemba bwino zimene anapekazo, m'mipata ya ntchito yake ya mumzinda.

Tsiku langa limayamba kusanayere bwino, nkhungu ili gwa m'madambo. Zala zimakhala zitauma, choncho sindigwira choimbira chilichonse. Ndimathira tiyi, mbaula ndimaiyatsira panja mpaka makala atayaka bwino, ndipo ndikailowetsa zenera ndimalisiya lotsegula pang'ono, chifukwa mpweya wa makala m'chipinda chotseka umapha munthu osadziwa. Kenako ndimawerenga nyimbo yonse ndi maso okha, kuyambira poyamba mpaka pomaliza, pa liwiro lake lenileni, pensulo ili m'manja. Lamulo ndi lakuti osaima kuti ndikonze. Pamene maganizo anga athawira kwina, ndimangoika kachizindikiro m'mbali n'kupitirira. Malo amenewo ndi amene womvera adzayambe kuganiza za ndiwo zamadzulo, ndipo nthawi zambiri vuto silikhala pamene pali chizindikiropo. Limakhala kumbuyo, pamene ndinanena chinthu kawiri chimene kamodzi kanali kokwana.

Ena amafunsa chifukwa chimene sindingotsegula kompyuta kuti indiimbire. Mapulogalamu olembera nyimbo alipo, MuseScore ndi yaulere ndipo Sibelius ndi Dorico ndi zogula, ndipo onsewa amaliza zimene mwalemba. Ndimawagwiritsa ntchito ndithu. Koma kompyuta ilibe dzanja, ilibe mapapo, ndipo sitopa. Imaliza noti zimene munthu sangazifikire ngati kuti n'zophweka, ndipo imakweza mawu onse mofanana, pamene m'chipinda chenicheni chelo chikalira mwamphamvu viyola imamira. Wopeka amene wakhulupirira kompyuta amakadabwa tsiku loyamba kukumana ndi oimba.

Chinthu choyamba kuyang'ana ndi kutalika, ndipo apa chitsanzo chimene ndimabwerera chaka ndi chaka ndi cha Johannes Brahms, wopeka nyimbo wa ku Germany. Mu 1854, ali mnyamata wa zaka za m'ma 20, anamaliza nyimbo ya piyano, vayolini ndi chelo imene imadziwika ndi nambala yakuti Op. 8, ndipo inasindikizidwa. Mu 1889, ali ndi zaka 56, wosindikiza wake Simrock atam'patsa mwayi wokonza nyimbo zakale, anaitenganso n'kuidula pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu. Chochititsa chidwi ndi mmene anadulira. Nyimbo yotsegulira, imene piyano imayamba chelo n'kulowa, anaisiya. Gawo lachiwiri, lothamanga lija, sanalikhudze kwenikweni. Koma m'magawo ena atatu anachotsa maganizo achiwiri, ndiye kuti tinyimbo tobwera pambuyo pa toyambirira, amene mnyamata uja anawakonda, n'kuikamo atsopano ogwirana bwino ndi oyambawo. Mitundu yonse iwiri ilipo mpaka lero, ndipo munthu angathe kuiika pambali n'kuona chimene chinachoka. Zimene zinachokazo sizinali zoipa. Zina n'zokoma kwambiri, moti pali oimba amene amasankha mtundu wa 1854 mwadala. Vuto lake linali lakuti zinkalimbirana malo. Mlimi aliyense wa kuno amadziwa kupatulira: pa phando pakamera mbewu zisanu, zonse zobiriwira bwino, umazula zina kuti zotsalazo zibereke, ndipo zozulidwazo sizinalakwe kanthu.

Kudula n'kowawa, koma kuli ndi njira yake. Ndikachotsa makompaso khumi, ndiye kuti timagawo tija ta pakati pa mizere yoimirira, mbali ziwiri zotsalazo sizingolumikizana zokha. Kiyi ya kumanzere ingasiyane ndi ya kumanja, woimba amene anali pamwamba angafunike kudumpha mwadzidzidzi kupita pansi, ndipo chinthu chimene chikubwera kutsogolo mwina chinkadalira chimene ndachotsacho. Choncho kudula kwa mphindi imodzi kumabala ntchito ya mlungu wathunthu yosoka.

Chachiwiri ndi kugawa mawu. Vayolini yoyamba imakopa wopeka aliyense, chifukwa ili pamwamba ndipo khutu limathamangira kumeneko. Ukapanda kusamala umapeza kuti walemba nyimbo ya munthu mmodzi, ena atatu akungoperekeza. Ndiye m'mawa wina ndimawerenga mzere wa viyola wokhawokha, ngati kuti ndine woiliza, n'kudzifunsa kuti kodi munthuyu ali ndi chifukwa chodzukira m'mawa kudzaimba zimenezi? Ngati kwa masamba atatu akungobwereza noti imodzi, ndimatenga nyimbo ija kwa vayolini n'kum'patsa iyeyo, vayolini n'kutsika kapena kukhala chete. Kukhala chete n'chida chachikulu kwambiri pa anthu anayi. Mmodzi akasiya, mtundu wa mawu umasintha nthawi yomweyo, ndipo akabwerera amamveka ngati watsopano. Palinso nkhani ya kutalikirana kwa noti. Pansi, kumene kuli chelo, noti zoyandikana kwambiri zimachita phokoso losamveka bwino, choncho zimafuna kutalikirana, pamene pamwamba zingathe kuthinana popanda vuto. Zambiri zimene ndimakonza m'mawa ndi zazing'ono zotere: kukweza noti imodzi ya viyola, kutsitsa imodzi ya chelo. Womvera sadzadziwa kuti panasintha kanthu, adzangomva kuti pamveka bwino.

Chachitatu ndi thupi la woimba. Vayolini ili ndi nsambo zinayi, sol, re, la, mi, monga amazitchulira m'masukulu a nyimbo kuno. Viyola ili ndi do, sol, re, la, ndipo chelo chili ndi zomwezo koma zotsika kwambiri. Dzanja lamanzere lili ndi zala zinayi zokha zogwira nsambo, ndipo uta ungakhudze nsambo ziwiri zoyandikana nthawi imodzi. Ukalemba noti ziwiri zimene zonse zimapezeka pa nsambo yotsikitsitsa yokha, palibe amene angazilize pamodzi, kaya ndi katswiri wotani. Pa chelo mipata ya zala ndi yaikulu, choncho chimene vayolini imachita osasuntha dzanja, wa chelo amachita kuyenda nalo. Ngati pali chitoliro kapena kilarineti, funso ndi mpweya: munthuyu apumira pati? Mzere wautali wokongola wopanda popumira, woimba adzaudula yekha pamalo amene wopeka sanafune.

Zimenezi sizidziwika bwino uli wekha, ndipo apa m'pamene wopeka wa ku Tete amavutikira. Oimba zansambo zoterezi m'dziko muno ambiri ali ku Maputo, kumene Xiquitsi, ntchito yophunzitsa achinyamata imene inayamba mu 2013 motsogozedwa ndi Eldevina Materula, yakulitsa mbadwo watsopano wa oimba. Kuchoka ku Ulongwe kukafika kumeneko ndi ulendo wautali ndiponso wodula, choncho zambiri zimayenda pa WhatsApp. Ndimajambula tsamba n'kutumiza, ndipo madzulo kumabwera mawu: "Aphunzitsi, apa dzanja silikufika pa liwiro limeneli. Mukatsitsa noti yachiwiriyo zitheka." Kapena: "Zikutheka, koma zikumveka ngati ndikulimbana nazo. Mukufuna zimveke choncho?" Funso lachiwirili ndi lofunika kuposa loyamba, chifukwa nthawi zina kulimbanako n'kumene nyimbo ikufuna, ndipo wopeka ayenera kudziwa kusiyanitsa chovuta chimene chili ndi phindu ndi chovuta chimene chabwera chifukwa cha kusadziwa kwake.

Kumvera oimba si kufooka. Brahms yemweyo mu 1862 analemba nyimbo ya zansambo zisanu, mnzake woliza vayolini Joseph Joachim n'kuonetsa kukayika kwake. Anaisandutsa ya mapiyano awiri, mnzake woliza piyano Clara Schumann n'kuona kuti mapiyano okha sakuikwanira. Pofika 1864 inakhala ya piyano ndi zansambo zinayi, Op. 34, ndipo m'mene timaidziwira lero ndi mmenemo. Maganizo ake anali omwewo kuyambira pachiyambi, chimene chinkasowa ndi manja oyenera kuwanyamula.

Za Ludwig van Beethoven n'zovutirapo. Mu 1799 anapatsa mnzake Karl Amenda nyimbo ya anthu anayi, imene pambuyo pake inatuluka ngati Op. 18 nambala 1, ndipo mu 1801 anam'lembera kalata yom'pempha kuti asaipereke kwa wina aliyense chifukwa anali ataisintha kwambiri, ati popeza tsopano ndi pamene anali ataphunzira kulemba bwino nyimbo zamtunduwu. Kumeneko kunali kukonza kochokera mumtima mwake. Koma mu Malichi 1826 nyimbo yake ina, Op. 130, italizidwa koyamba ku Vienna, gawo lomaliza, lalitali ndi lolimba, linasokoneza omvera ambiri, ndipo wosindikiza Matthias Artaria anapempha kuti lichotsedwe. Beethoven, munthu wodziwika ndi kusagonja, anavomera. Chakumapeto kwa chaka chomwecho analemba mathero ena opepuka, ndipo gawo lochotsedwalo linasindikizidwa palokha monga Grosse Fuge, Op. 133. Anamwalira mu Malichi 1827. Mpaka lero magulu amasankha okha, ena amamaliza ndi gawo lakale, ena ndi latsopano. Ine sindikhulupirira kuti anagonja chabe. Mathero atsopanowo ndi olembedwa ndi mtima wonse, ndipo amasintha mmene magawo onse a m'mbuyo amamvekera. Chimene ndimatengapo n'chakuti pempho lochokera kunja, ngakhale la munthu wofuna kugulitsa mapepala, liyenera kuyesedwa pa tebulo lisanakanidwe.

Dzuwa likakwera, zala zikamasuka, m'pamene ndimayesa pa kiyibodi malo amene ndasintha. Masana ndi a ntchito yodyetsa banja, chifukwa palibe amene amadya za nyimbo zoterezi kuno. Zoimbira nazo zimamva nyengo. Mpweya wa Julayi ndi wouma, thabwa limafota, zikhomo zomangira nsambo zimamasuka zokha, ndipo vayolini yosiyidwa pafupi ndi moto kapena padzuwa ingathe kung'aluka. Imafunika kukhala m'bokosi mwake, kutali ndi mbaula.

Pali chinthu china chimene wopeka wa m'chigawo chino sangachilambalale. Kumusi kwa Zambezi, Anyungwe ali ndi gule wa nyanga. Amuna amazungulira bwalo, aliyense atagwira zitoliro zochepa zomangidwa pamodzi, ndipo amasinthanitsa kuuzira ndi kutulutsa mawu apakamwa kwinaku akuvina ndi maseche m'miyendo. Palibe mmodzi amene ali ndi nyimbo yonse. Noti za uyu zimalowa m'mipata imene mnzake wasiya, ndipo nyimbo imatuluka pakati pawo. Andrew Tracey, wofufuza nyimbo za ku Africa, anafotokoza guleyu mwatsatanetsatane mu 1971. Kwa ine iyi ndi sukulu yaikulu ya kalembedwe ka anthu ochepa kuposa buku lililonse, chifukwa imaphunzitsa kuti mpata umene wasiyira mnzako ndi mbali ya ntchito yako. Ndikamakonza mzere wa vayolini yachiwiri, nthawi zambiri ndimachotsa noti zimene zikugundana ndi za woyamba n'kuzisunthira pamene woyambayo wapuma.

Nyimbo za nyangazi zinafika kale m'zipinda zoimbira za kunja. Kevin Volans, wopeka nyimbo wobadwira ku Pietermaritzburg ku South Africa mu 1949, analemba White Man Sleeps mu 1982 pogwiritsa ntchito, mwa zina, nyimbo za zitoliro za Anyungwe. Poyamba inali ya zoimbira zina zochunidwa mwapadera kuti ziyandikire kachunidwe ka ku Africa. Mu 1986 anailembanso kuti ikhale ya zansambo zinayi za gulu la Kronos Quartet, ndipo inatchuka padziko lonse pa chimbale chawo cha Pieces of Africa cha mu 1992. Kumenekonso kunali kukonza, ndipo kukuonetsa funso limene limanditengera masiku ambiri m'chisanu. Piyano imagawa mtunda wochokera pa do kufika pa do wapamwamba m'masitepe 12 ofanana. Zoimbira zambiri za m'chigwa cha Zambezi, komanso timbila za Achopi a ku Inhambane, zimagawa mtunda womwewo m'masitepe asanu ndi awiri otalikirana pafupifupi mofanana. Ukatenga nyimbo ya kwathu n'kuiika pa piyano, noti zina zimakankhidwira m'mwamba, zina pansi, ndipo agogo akaimva amati ndi yomweyo koma yapotoka. Vayolini ndi chelo zilibe zitsulo zogawa noti ngati gitala, choncho chala chingaime paliponse, ndipo wopeka angaike timivi pamwamba pa noti kusonyeza kuti ikwere kapena itsike pang'ono. Koma oimba anaphunzira zaka zambiri kuti khutu lawo likane noti zoterozo, ndipo nthawi yoyeserera imakhala yochepa. Pa tsamba lililonse ndimayeza: apa kachunidweko ndiye mtima wa nkhani, ndisiye timivi, apa n'kungokongoletsa, ndichotse. Ndipo pakakhala piyano m'gululo, nkhaniyo yatha isanayambe, chifukwa piyano sisuntha.

Pamodzi ndi zimenezo pali ulemu. Ndikatenga kanthu kwa oimba a m'mudzi, dzina la mudziwo ndi la guleyo ndimalilemba pa tsamba loyamba, ndipo ndimayamba ndapempha. Za Gule Wamkulu, amene UNESCO inamuzindikira mu 2005 monga chuma cha Malawi, Mozambique ndi Zambia, ndimasamala koposa. Kulira kwa ng'oma kumene aliyense amamva pabwalo kungandiphunzitse kayendedwe ka nthawi, koma zakudambwe si zanga zoti ndiike pa pepala lokagulitsidwa.

Madzulo ndi a ntchito imene palibe amene amaiyamikira: kukopera mapepala a woimba aliyense. Wopeka amaona mizere yonse inayi pamodzi, koma woimba amaona wake wokha. Manja ake onse awiri ali pa ntchito, choncho tsamba liyenera kuthera pamene ali ndi mpata wolitembenuza. Ngati wakhala chete kwa makompaso ambiri, umam'lembera timanoti tating'ono ta mnzake kuti adziwe polowera, popeza palibe woimbitsa wom'kodola. Umaika zilembo kapena manambala m'mbali kuti poyeserera wina akati tiyambire pa C onse apeze malo amodzi. Liwiro umalilemba ndi nambala ya metronomu, kachipangizo kogunda kosonyeza liwiro, koma nambala imene unaisankha uli wekha m'chipinda chozizira nthawi zambiri imakhala yothamanga kuposa imene manja enieni m'chipinda cholira angakwanitse, choncho ndimailemba ndi pensulo mpaka nditamva oimba. Kilarineti yofala imalira motsika masitepe awiri a piyano aja kuposa zolembedwa, ndiye pepala lake limalembedwa mokwera ndi masitepe omwewo. Ukasintha noti pa tsamba lalikulu n'kuiwala kuisintha pa pepala la woimba, mphindi zamtengo wapatali zoyeserera zimathera pa kukangana kuti wolondola ndani.

Chifukwa cha zimenezi pepala lililonse lotuluka m'nyumba muno limakhala ndi deti pakona, ndipo mtundu wakale sindiutaya, ndimaumanga padera n'kulembapo mwezi ndi chaka. Magetsi akathima kompyuta ili pakati pa ntchito, kapena foni ikatayika, mapepala amenewo ndiwo amapulumutsa. Amathandizanso pamene kukonza kwapitirira muyeso, pakuti zimachitika: umasalaza malo ena mpaka mphamvu yake yatha, ndiye umafunika kubwerera kukaona mmene analili poyamba. Chizindikiro chakuti nthawi yosiya yakwana n'chakuti zimene ukusintha lero ndi zomwe unasintha dzana, ukungozibweza. Kuno zimenezi zimakonda kugwa chakumayambiriro kwa Ogasiti, mphepo ikayamba kuulutsa fumbi, ndipo mapepala amatumizidwa kwa oimba kuti akhale nawo milungu ingapo asanakumane. Poyeserera koyamba ndimapita ndi pensulo ndi labala, chifukwa zosintha zina khumi kapena kuposa zimatulukira pomwepo, ndipo zimenezo zimalembedwa pamanja pa mapepala onse anayi oimba asanabalalike.